Kumvetsera Mtima Usana ndi Usiku

Ulendo uwu ambiri timaudziwa. Mayi ali m'munda akupalira chimanga, kapena wangotula chidebe kuchokera ku mjigo, mwadzidzidzi mtima wayamba kuthamanga, gu gu gu, mpaka kumveka m'khosi ndi m'makutu. Wakhala pansi, m'maso mwachita kamdima, thukuta lili kamukamu. Pakapita mphindi zingapo zonse zatha, wadzuka, watola khasu. Zikabwerezabwereza, abale amati tiyeni kuchipatala. Akwera kabaza kusanache, afika ku Kabudula kapena ku St Gabriel's ku Namitete, akhala pamzere. Pamene akulowa kwa adokotala dzuwa lili pamutu, ndipo mtima uli phee, ukugunda bwinobwino. Adokotala amvetsera pachifuwa, ayeza BP, ngati makina ojambula mtima alipo awajambula, kenako akuti, "Mayi, pakadali pano sindikupeza vuto."

Mayiyo amabwerera kumudzi ali khuma, akuganiza kuti sanamukhulupirire. Kumeneko ena amati ndi maganizo, ena amanong'ona kuti ndi zaanthu. Komatu adokotala sananame, ndipo wodwalayo sananamenso. Aliyense woyendetsa njinga yamoto amadziwa kuti phokoso limene lakuvutitsa njira yonse yochokera ku Nambuma limatha ukangofika pa makaniko, ndipo makaniko wanzeru amakwera njingayo kukayenda nayo kuti alimve yekha. Adokotala sangapite nanu kumunda kapena kukagona kwanu, koma pali kachida kamene kangapite m'malo mwawo. Dzina lake ndi Holter.

Magetsi a mumtima

Mtima ndi mnofu wa zipinda zinayi. Ziwiri zam'mwamba zimalandira magazi, ziwiri zam'munsi zimawapopa, china kupita ku mapapo, china kupita ku thupi lonse. Pakati pa zipindazi pali titseko totseguka mbali imodzi yokha, timene achipatala amati mavalavu, toletsa magazi kubwerera kumene achokera.

Chimene chimauza mnofu umenewu nthawi yofinya ndi magetsi, ndipo magetsiwo mtima umapanga wokha. Kumwamba kwa chipinda chakumanja kuli kagulu ka maselo kamene kamathetheka mphamvu yochepa kwambiri, mobwerezabwereza, kuyambira munthu ali m'mimba mwa mayi ake kufikira tsiku lomwalira. Kagulu kameneka anakatulukira Arthur Keith ndi Martin Flack ku England mu 1907. Mphamvuyo imayanga zipinda zam'mwamba, zimafinya, kenako imafika pa kamfundo kena kapakati pa mtima, kamene Sunao Tawara wa ku Japan anakafotokoza mu 1906. Apa magetsi amaima kaye pang'ono kuti zipinda zam'munsi zidzaze, ndiye amatsika, zipindazo nkupopa. Kugunda kumodzi ndi kumeneko.

Munthu wamkulu akakhala pansi osagwira ntchito, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi. Pa tsiku lathunthu zimakwana pafupifupi ka 100,000. Mukamakwera chitunda ndi njinga yonyamula matumba mtima umathamanga, mukagona umachedwa, ndipo zimenezi si matenda. Vuto limabwera pamene malo ena a mnofu ayamba kuthetheka magetsi awoawo, kapena magetsi azungulirazungulira pamalo amodzi, kapena njira yatsekeka pa kamfundo kapakati kaja. Zikatero mtima umathamanga popanda chifukwa, umachedwa mopitirira, kapena umagunda mosalongosoka. Kwa anthu ambiri zimenezi zimabwera nkupita, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lonse la mutu uno.

Masekondi 10 okha

Magetsi a mtima amafika mpaka pakhungu, ngakhale ali ofooka kwambiri moti sitingawamve. Makina otchedwa ECG amawatola kudzera pa mawaya omata pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, nkuwalemba papepala ngati mzere wokwera ndi kutsika. Amene anapanga makina oyamba odalirika anali Willem Einthoven wa ku Leiden, dziko la Netherlands, cha mu 1903. Makina akewo ankalemera makilogalamu pafupifupi 270, ankafuna anthu asanu owayendetsa, ndipo wodwala ankaviika manja ndi phazi m'zidebe za madzi amchere. Analandira mphoto ya Nobel mu 1924.

ECG ya masiku ano imanyamulika ndi dzanja limodzi, ndipo imaonetsa zambiri, monga ngati mnofu wa mtima wakula chifukwa cha BP kapena ngati mbali ina inafapo. Koma pepala lake limajambula masekondi 10 okha. M'masekondi amenewo mumalowa kugunda 10 kapena 15, mwa ka 100,000 ka tsiku lija. Ngati vuto lanu limabwera kwa mphindi zitatu pakati pa usiku, pepala lojambulidwa masana pa bedi lachipatala lidzatuluka loyera, ngakhale mujambulitse kasanu.

Munthu wa ku Helena

Norman Holter sanali dokotala. Anali katswiri wa sayansi ya physics, wobadwira mu 1914 m'tauni ya Helena ku Montana, dziko la America. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwira ntchito ndi asilikali apamadzi, ndipo mu 1946 anali m'gulu loyeza mafunde a panyanja pamene America inkaphulitsa mabomba a atomu pa chilumba cha Bikini. Atabwerera kwawo anatsegula malo akeake ochitira kafukufuku. Maganizo ake anali oti kuyeza munthu atagona chagada kwa kanthawi sikungatiuze za mtima wa munthu amene tsiku lonse amayenda, kugwira ntchito, kukwiya ndi kugona.

Chida chake choyamba, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, chinali chobereka kumsana, cholemera makilogalamu 38, ndipo chinkatumiza magetsi a mtima pa mafunde a wailesi. Wodwala mtima sakanatha kuyenda nacho. Atatulukira timatransista, Holter ndi mnzake Wilford Glasscock anachichepetsa mpaka kukhala kabokosi kojambula pa tepi. Anapezanso njira yoseweretsa tepiyo mofulumira ka 60, kuti zojambula za ola lathunthu munthu azione m'mphindi imodzi, pakuti popanda zimenezi palibe dokotala akanakhala pansi kuwerenga. Anafalitsa ntchitoyi mu 1961, ndipo mu 1962 zidazi zinayamba kugulitsidwa mothandizana ndi Bruce Del Mar wa ku California. Holter anamwalira mu 1983. Lero tepi inatha, kachidako kamasunga zonse pa kakhadi ngati ka mufoni, kamalowa m'thumba la malaya, ndipo kamayendera batire laling'ono.

Kuvala kwake

Sipakhala jakisoni, sipakhala kucheka. Namwino amapukuta malo angapo pachifuwa ndi sipiriti, ndipo kwa abambo a ubweya wambiri amameta pang'ono. Ndiye amamata tizomata tozungulira, kawirikawiri titatu, tisanu kapena tisanu ndi tiwiri malinga ndi mtundu wa chida. Kachomata kalikonse kali ndi waya wake wopita ku kabokosi, kamene mumakoloweka m'khosi kapena kumanga pa lamba. Mukavala malaya kapena bulauzi, palibe amene angadziwe. Tsiku lopita kukavala sambani m'mawa, koma musadzole mafuta pachifuwa, chifukwa pa Vaseline zomata sizigwira.

Nthawi zambiri mumakhala nako maola 24 kapena 48. Pa maola amenewa musakavule ngakhale pogona, ndipo musasambe thupi lonse. Kudzipukuta ndi nsalu yonyowa mozemba pachifuwa ndi kokwanira. M'nyengo ya Okutobala thukuta limamatula zomata, choncho pemphani zina zapadera ndi pulasitala, ndipo funsani namwino akuonetseni malo ake enieni kuti chikachoka mubwezere. Foni musaiike m'thumba limodzi ndi kabokosiko, ndipo ngati ntchito yanu ndi yowotcherera zitsulo, nenani asanakuvekeni. Mayi wobereka mwana aonetsetse kuti mfundo ya chitenje sikukoka mawaya, komanso kuti timanja ta mwanayo sitikuwapeza poyamwa.

Pali chinthu chimodzi choyenera kuchifotokozera a pakhomo tsiku lomwelo. Kachidaka kamangomvetsera. Sikalowetsa magetsi m'thupi, sikachiza, sikatenga mawu a zimene mukuyankhula, ndipo sikakhudza magazi. Tonse tikukumbukira mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo mu 2017, achipatala ena mpaka kuopa kuyenda ndi zida zawo. Munthu wobwera kuchokera ku tauni ali ndi mawaya pachifuwa ndi bwino ayambe yekha kuonetsa apongozi ndi anansi, nkhani isanayambire pa mjigo.

Kope ndi cholembera

Kabokosi kamadziwa zimene mtima unachita pa mphindi iliyonse, koma sikadziwa zimene inu munamva, kapena zimene munkachita. Zimenezo mumalemba nokha, ndipo kwa ine iyi ndi theka la kuyeza konse, ngakhale ndi mbali imene anthu amainyozera kwambiri. Achipatala amapereka pepala, koma tsamba la kope la mwana wasukulu limagwiranso ntchito. Musanachoke, yerekezani nthawi ya pa foni yanu ndi ya pa kachidako. Kenako chilichonse chikachitika, lembani nthawi, chimene mumachita, ndi chimene mwamva. Mwachitsanzo: "5:40 m'mawa, kutunga madzi, mtima unathamanga mpaka ndinakhala pansi." "2:15 masana, nditangodya nsima, mtima unadumpha kawiri." "11:30 usiku, ndinadzidzimuka ndi phuma." Lembaninso nthawi yomwera mankhwala, yogona ndi yodzuka. Zida zambiri zili ndi batani loti mudine mukamva chachilendo, ndipo limaika chizindikiro pamalo pomwepo. Agogo osadziwa kulemba akhale ndi mdzukulu wa Sitandade 7 pafupi, iwo azinena, iye azilemba.

Phindu lake ndi ili. Adokotala akaona kuti pa 5:40 mtima unalumpha kuchoka pa 80 kufika pa 180 nthawi imodzi, ndipo pepala lanu likunena za nthawi yomweyo, mlandu watha, vuto lagwidwa. Akaona kuti pa nthawi imene munalemba kuti mtima ukuthamanga mzere unali wolongosoka bwinobwino, limenelonso ndi yankho la mtengo wapatali: chimene mukumvacho sichikuchokera ku magetsi a mtima, akafufuze kwina. Popanda pepala lanu, mayankho awiri onsewa amatayika.

Musanamize tsiku lanu

Kachida aka simungakapeze pa chipatala chaching'ono cha m'dera. Kamakhala kumene kuli madokotala oona za mtima ndi kompyuta yowerengera, kutanthauza m'tauni, ndipo njira yake imadzera pa kalata yotumizira odwala. Kwa anthu a chigawo chapakati, chipatala chachikulu cholandira otumizidwa ndi Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, chimene chinatsegulidwa mu 1977. Kuvala ndi ulendo umodzi, kukabweza ndi ulendo wina. Munthu wa ku Mpingu kapena ku Namitete, amene ali pa msewu wa tala wa ku Mchinji, angathe kupita ndi kubwera. Wa mkati mwa Nsaru kapena ku Nambuma m'nyengo yamvula amawerengera kaye ndalama ya kabaza ndi minibasi kanayi, ndiye amasankha kugona kwa achibale ku Chinsapo kapena ku Area 25.

Kusankha kumeneku nkomveka, koma kuli ndi msampha. Kwa achibale mlendo wodwala sagwira kanthu. Amamuyalira mphasa pamthunzi, amamuphikira tiyi, ana amamutungira madzi. Mtima umene umavuta pokwezera mizere kapena pothirira ku dimba umakhala tsiku lonse uli pa tchuthi, ndipo kabokosi kamabwerera kopanda kanthu. Ngati adokotala sanakuletseni ntchito, chitani zofanana ndi zimene mumachita kwanu. Yendani mtunda, sesani pabwalo, nyamulani chidebe. Ngati mumamwa tiyi wa masamba ambiri kapena mumasuta fodya, tsiku limeneli si loyambira kudzionetsa wabwino, ingolembani nthawi yake. Ndipo musasiye mankhwala alionse pokhapokha adokotala atanena.

Zimene zimapezeka

Kompyuta imawerenga kugunda konse nkusankha malo okayikitsa, kenako munthu wophunzira amawaona ndi maso, chifukwa makina amasokonezeka ndi waya wogwedera kapena munthu wokanda pachifuwa. Lipoti limanena kuthamanga kwapamwamba, kuchedwa kwapansi, nthawi imene zinachitika, ndi ngati mtima unaimapo kwa masekondi angapo.

Chopezeka kwambiri ndi kugunda kofulumira kubwera nthawi yake isanakwane. Pambuyo pake mtima umadikira pang'ono, ndiye kugunda kotsatira kumabwera mwamphamvu, ndipo ndi kumene anthu amati mtima wadumpha. Pafupifupi aliyense amakhala nako kangapo pa tsiku osadziwa. Ngati mtima uli wabwino mbali zina zonse, nthawi zambiri sipafunika mankhwala. Madokotala anaphunzira zimenezi mowawa. Ku America kafukufuku wotchedwa CAST anapatsa anthu amene anadwalapo mtima mankhwala a flecainide ndi encainide kuti athetse kudumphaku. Pa Holter kudumpha kunachepadi, koma mu 1989 anaimitsa mankhwalawo atapeza kuti omwa ankamwalira kwambiri kuposa amene sankamwa. Choncho adokotala akakuuzani kuti aona kudumpha koma sakupatsani kanthu, musaganize kuti akuumirani mankhwala.

Kwa achinyamata ndi amayi ambiri kumapezeka kuthamanga koyamba mwadzidzidzi nkuthanso mwadzidzidzi, kofika 150 kapena 200 pa mphindi. Kumachititsa mantha, koma kawirikawiri sikupha, ndipo achipatala angakuphunzitseni njira yokudulira pokankha mpweya mutatseka pakamwa ndi mphuno. Kwa okalamba kumapezeka kosiyana, magetsi kutsekeka pakati, mtima nkumagunda 30 kapena 40, munthu nkumagwa popanda chenjezo. Ena otere amakhala zaka akumwa mankhwala a khunyu. Chithandizo chake ndi kabatire koika pansi pa khungu kotchedwa pacemaker. Woyamba kuikidwa kameneka anali Arne Larsson ku Stockholm mu 1958, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2001.

Nthawi zambirinso mtima umathamanga molongosoka chifukwa ukuyankha vuto la kwina: kuchepa kwa magazi, malungo, pathupi, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi potsegula m'mimba, kachasu, zakumwa zopatsa mphamvu zimene anyamata a kabaza amakonda, mankhwala a mphumu a salbutamol, ndiponso nkhawa. Zambiri mwa izi zimayezeka pa chipatala chapafupi, ndipo adokotala abwino amayamba nazo asanakutumizeni ku tauni.

Kugunda kobalalika, sitiroko ndi zilonda zapakhosi

Vuto limene liyenera kutidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu ndi limene achipatala amati atrial fibrillation, mwachidule AF. Zipinda zam'mwamba zimaleka kufinya, zimangonjenjemera, ndipo zam'munsi zimapopa mosatsata dongosolo lililonse. Ena amamva phuma ndi kufooka, ena samva kanthu. Choopsa chake nchakuti m'chipinda chonjenjemera magazi amadikha nkuundana. Kachidutswa kakachoka nkukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amagwa, pakamwa nkupotoka, mbali imodzi nkufa. Kumudzi timati am'menya hamala, ndipo mabanja amadana mpaka kusamuka. Munthu wa AF ali pa chiopsezo cha sitiroko kasanu kuposa mnzake wopanda vutoli, ndipo AF yobwera nkupita nayonso imabweretsa sitiroko. Nchifukwa chake munthu amene wagwa sitiroko popanda chifukwa chodziwika amavekedwa Holter.

Ku Ulaya AF ndi matenda a okalamba. Kuno ili ndi makomo awiri akuluakulu. Loyamba ndi BP. Kafukufuku wa dziko lonse wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 90 mwa 100 alionse a iwo sankamwa mankhwala. BP ya zaka zambiri imalimbitsa ndi kufutukula zipinda za mtima mpaka magetsi kusokonekera.

Khomo lachiwiri limayambira pa ubwana. Mwana wa zaka zapakati pa 5 ndi 15 amadwala zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus. Pakhosi pamapola pokha, koma kwa ana ena, pakapita masabata awiri kapena atatu, chitetezo cha thupi chimasokonezeka nkuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Mwana amatentha thupi, mfundo zimatupa nkumawawa mosinthanasinthana, lero bondo, mawa chigongono. Makolo amati malungo kapena nyamakazi. Mkati, titseko ta mtima tija timakhala tikupsa, ndipo matendawa akabwereza timachita zipsera, timauma, timaleka kutseka kapena kutseguka bwino. Chipinda cham'mwamba chakumanzere chimafutukuka chaka ndi chaka, ndipo pofika zaka 25 kapena 30, mwana uja, ngati ndi wamkazi nthawi zambiri pa pathupi, ali ndi phuma, miyendo yotupa ndi AF.

Kafukufuku wotchedwa REMEDY, wotsogozedwa ndi madokotala a ku Cape Town, anaona odwala matendawa 3,343 m'mayiko 12 a mu Africa, ku India ndi ku Yemen. Theka la iwo linali la zaka zosapitirira 28, ambiri anali akazi, ndipo mmodzi mwa asanu alionse anali kale ndi AF. Ku Lilongwe komweku, madokotala atayeza ana 1,450 ndi sikani ya mtima, zotsatira zofalitsidwa mu 2016 zinaonetsa kuti pafupifupi atatu mwa ana 100 alionse anali ndi zizindikiro zoyambirira za matendawa, iwo osamva kalikonse. Zonsezi zimapewedwa ndi penisilini, mankhwala akale ndi otsika mtengo. Mwana wa zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi apite kuchipatala. Amene wapezeka kale ndi matendawa amabayidwa jakisoni wa benzathine penicillin masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri, ndipo jakisoniyo ndi wowawa, koma kudumphitsa mwezi ndi kutsegulira matenda khomo. Ntchito yobweretsa chisamaliro chotere pafupi ndi midzi, yotchedwa PEN-Plus, kuno inayambira ku Neno ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, ndipo mu 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zinagwirizana ku Lomé kuti ifalikire m'zipatala za m'maboma.

AF ikapezeka, adokotala amachepetsa liwiro la mtima ndi mankhwala monga atenolol kapena digoxin, ndipo kwa ambiri amaperekanso oletsa magazi kuundana. Kwa amene titseko tawo tinaonongeka, mankhwala ake ndi warfarin. Kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022, wa odwala oposa 4,500 a mu Africa, Asia ndi Latin America, anapeza kuti kwa odwala otere warfarin anateteza moyo kuposa mankhwala atsopano okwera mtengo a rivaroxaban. Koma warfarin ndi wovuta kusunga. Amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, amasokonezeka ndi mankhwala a TB komanso azitsamba, ndipo ndi woopsa kwa mwana wosabadwa. Mphamvu yake imatsikanso munthu akadya ndiwo zamasamba zambiri, choncho wodwala amene m'chilimwe ankadya usipa ndi nyemba, dzinja nkuyamba nkhwani ndi bonongwe tsiku ndi tsiku, ayenera kuwauza achipatala. Sakuletsedwa masamba, chofunika ndi kudya mofanana.

Tsiku limodzi likapanda kukwana

Ngati vuto lanu limabwera kamodzi pa mwezi, maola 24 akhoza kutha osaligwira. Ku Canada, kafukufuku wa EMBRACE wa mu 2014 anaona anthu amene anagwa sitiroko popanda chifukwa chodziwika. Mwa ovala Holter tsiku limodzi, AF inapezeka mwa atatu pa 100 alionse. Mwa ovala chida cha masiku 30, inapezeka mwa 16 pa 100. Choncho lipoti loyera la tsiku limene simunamve kanthu silitanthauza kuti mwachira. Tsopano kuli tizida tomata pachifuwa popanda mawaya tokhala masabata awiri, tina toika pansi pa khungu tomvetsera pafupifupi zaka zitatu, komanso mawotchi ndi tizida togwira ndi zala totumiza mzere wa mtima ku foni. Achibale a ku Joni ena amatumiza mawotchi otere. Ndi othandiza, koma amalakwitsanso, ndipo chimene anena chikaonedwe ndi adokotala munthu asanayambe mankhwala.

Chida chimene aliyense ali nacho ku Nsaru ndi ku Mpingu ndi zala ziwiri ndi wotchi ya pa foni. Tembenuzani dzanja chikhatho chiyang'ane kumwamba, ikani chala cholozera ndi chapakati pa mkono, m'munsi mwa chala chachikulu, mpaka mumve kugunda. Werengani kwa mphindi yathunthu. Phunzirani tsiku limene muli bwino, kuti mudziwe kagundidwe kanu, ndipo aphunzirenso amuna anu, akazi anu kapena mwana wamkulu, chifukwa pa nthawi ya vuto mwini wake manja amanjenjemera. Vuto likabwera, lembani tsiku, nthawi, nambala imene mwapeza, ngati kugunda kunali kolongosoka kapena kobalalika, ngati kunayamba mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, ndi mphindi zimene kunatenga. Pepalalo liikeni m'kabuku ka kuchipatala. Wodwala wonena kuti "Adokotala, mwezi uno zachitika kanayi, ndinawerenga 170, zinayamba kamodzinkamodzi nkutha pa mphindi 20" wawapatsa poyambira, ndipo ndi pepala lotere limene limathandiza kusankha amene ayenera kutumizidwa kukavala Holter ndi kwa masiku angati. Ngati chipatala chili pafupi ndipo vuto likupitirira, pitani nthawi yomweyo kuti ECG ijambulidwe mtima ukadali m'vutomo, ndipo pepala lake mulisunge kapena mulijambule pa foni, pakuti inki yake imafufutika.

Pali zina zosadikira kope kapena tsiku la kalata. Munthu akakomoka ali pa ntchito kapena pa mpira, akamva kupweteka kofinya pachifuwa kofika ku mkono kapena ku nsagwada, akabanika mpaka kulephera kugona chagada, kapena pakamwa pakapotoka, mawu nkuyamba kulemera, dzanja nkufooka, anyamulidwe kupita kuchipatala ola lomwelo, kaya wavala Holter kaya ayi, chifukwa kabokosi kaja sikaitana aliyense, kamangolemba. Ndipo ngati m'banja mwanu wina anamwalira mwadzidzidzi ali wachinyamata, kutulo kapena pa masewera, auzeni adokotala ngakhale asanafunse, chifukwa mavuto ena a magetsi a mtima amayenda m'magazi ndipo abale enanso angafunike kuyezedwa.